WAILESI YA M'POTO NDI OSULA MALATA A M'LUSAKA

Aphunzitsi anzanga, pa chuthi ca August m'caka ca 2024 ndinapita kwathu kumudzi, kufupi ndi tauni ya Chipata m'Cigawo ca Kum'mawa, kukathandiza amai kupasula nyumba ya malemu agogo, imene ciswe cinali citaimaliza. Titasasula denga tinapeza pamwamba pa cipupa cinthu cobulungira conga poto, copakidwa utoto wabuluu wosuluka. Kutsogolo kwace kunali ciboo cochingidwa ndi sefa yong'ambika, ndi timitu tiwiri topotokola. Kumbuyo kwace kunalibe cotsekera, ndipo mabvu anali atamanga nyumba zao zadothi m'kati. Amai anaciyang'ana nthawi yaitali, nati, "Iyi ndiyo wailesi ya agogo ako. Pamene ine ndinali mwana inali italeka kale kulankhula."

Tsiku lomwelo kunafika mnyamata wa njinga wogula zitsulo zakutha, ali ndi sikelo yace. Anainyamula wailesiyo, naigogoda ndi cala, nanena kuti ndi aluminiyamu wabwino, ndi kuti akaigulitsa kwa oumba mapoto. Mtengo umene anachula sukanagula ngakhale buledi mmodzi. Ndinamkaniza, ndipo ndinaikulunga m'citenje ndi kubwera nayo kuno ku Lusaka, ku komboni imene ndikhala ndi kuphunzitsa, imenenso dzina lace ndi Chipata.

Ndalemba nkhani ino cifukwa ndikhulupirira kuti m'midzi imene inu muphunzitsa zikalimo wailesi zina zotere, pansi pa makama ndi m'nkhokwe, ndipo anyamata a sikelo afika m'mudzi uli wonse. Ndifuna kukufotokozerani kumene wailesi imeneyi inacokera, nchito imene inagwira m'dziko lino, ndi umo amisiri a m'makomboni anapangira ziwalo zace zimene zinatayika.

Mau asanalowe m'nyumba

Boma la Northern Rhodesia linayamba kuulutsa mau m'Lusaka m'caka ca 1941, nkhondo yaciwiri ya dziko lonse iri m'kati. Anyamata ambiri a dziko lino anali atalembedwa usilikari napita kutali, ena ku Somaliland ndi ku Abyssinia, ndi ena pambuyo pace ku Burma. Boma linafuna kuti abale ao amve mbiri ya nkhondo kucokera kwa ilo, mphekesera zisanawafike. Koma anthu akuda amene anali ndi wailesi m'nyumba anali owerengeka, popeza wailesi za masiku amenewo zinali mabokosi akulu a mtengo wapatali, ofuna magetsi kapena batire la galimoto.

Cotero Boma linaika wailesi za gulu pa maboma, pa mabwalo a mafumu ndi m'maholo a m'matauni. Njira imeneyi siinayende bwino. Batire likatha panalibe polidzazira moto. Kanthu kakafa m'kati, wailesi inali kukhala cete nthawi yaitali kulindira mmisiri. Ndiponso mai wa ana kapena nkhalamba sakanayenda mitunda madzulo kuti akaimirire kumbuyo kwa khamu kumene mau safika.

Nkhondo itatha, Harry Franklin, amene anali mkulu wa ofesi ya Boma yofalitsa nkhani, analimbikira kuti nyumba ya mphepo ya m'Lusaka ikhale ya anthu akuda a maiko atatu, Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, ndi kuti ya ku Salisbury itumikire Azungu. Maganizo ace anabvomerezedwa, ndipo nyumbayo inachedwa Central African Broadcasting Station. Inali kulankhula m'Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cishona, Cindebele ndi Cingerezi. Koma nyumba ya mphepo yopanda omvera ifanana ndi mphunzitsi woimirira m'kalasi lopanda ana. Cosowa cinali wailesi yoti munthu wamba nkugula ndi kuika m'nyumba mwace.

Poto asanduka wailesi

Franklin anadziwa cimene analikufuna: wailesi yochipa, yoyendera batire louma, yokhoza kugwira mau ocokera kutali, ndiponso yopirira kutentha, cinyontho, tizilombo ndi kugwedezeka kwa malole pa miseu yadothi. Anakhala zaka ngati zitatu alikupempha makampani a ku Britain, koma iwo anakana, posakhulupirira kuti munthu wakuda angagule wailesi. Potsiriza kampani ya Ever Ready inabvomera m'caka ca 1948. Malonda ace eni eni anali mabatire, ndipo inaona kuti wogula wailesi kamodzi adzagula mabatire kawiri kawiri.

Cimene cikweza mtengo wa cinthu catsopano ca m'fakitale ndico kupanga zikombole zace. Kuti apewe zimenezi, a Ever Ready anatenga cinthu cimene cinalikupangidwa kale cambiri, ndico poto wa aluminiyamu wophikira, wa mainchi 9 m'mimba mwace, wopanda cogwirira. Pansi pa potoyo anaboola ciboo ca sipika, nakuyesa kutsogolo kwa wailesi. Kukamwa kwace anatseka ndi cibvundikiro comangidwa ndi masikuluu, nakuyesa kumbuyo. Ndico cifukwa cace Azungu anaicha Saucepan Special, ndiko kunena wailesi ya m'poto. Nzeru imeneyi inathandiza pambali zambiri. Ciswe sicidya aluminiyamu. Iye sacita dzimbiri lofiira monga citsulo, safufuma m'dzinja monga thabwa, ndipo ali wopepuka. Maboo anachingidwa ndi sefa ya waya kuti mphemvu ndi nyerere zisalowe. Za utoto wabuluu zinenedwa kuti Azunguwo anausankha pokhulupirira kuti ndiwo mtundu umene anthu a kuno sauopa pa miyambo yao.

M'kati munali mavalavu anai, ndiwo timababu tagalasi timene tikuza mau ofooka ogwidwa ndi mlongoti kufikira amveke pa sipika. Wailesiyo inali ya short wave, yogwira mafunde a mamita 25 kufikira 90. Mafunde otere akakwera kumwamba agunda mpweya wa kutali m'mlengalenga nabwerera pansi pa mtunda wautali, ndipo ndico cifukwa cace mau a m'Lusaka anali kumveka ku Mongu, ku Blantyre ndi ku Bulawayo.

Wailesi zimenezi zinayamba kugulitsidwa m'caka ca 1949, pa mtengo wa mapaundi 5, ndi batire lace pa mashilingi 25. Batirelo linali lalikulu, lokhala kunja kwa poto, ndipo linali kutha patapita maola ngati 300. Pano pali samu yabwino. Shilingi imodzi inali makobiri 12. Cotero mashilingi 25 anali makobiri 300, ndipo ola liri lonse la kumvera linali kudya kobiri limodzi. M'caka ca 1950 Franklin analemba lipoti la wailesiyi, naicha wailesi ya munthu wosauka. Zinagulidwa zikwi zambiri, ndipo zinafika ndi ku maiko ena a mu Africa.

Zimene agogo anamva

Agogo anali mphunzitsi pa sukulu yaing'ono ya m'mudzi ya pansi pa mishoni. Wailesi yao anaigula m'sitolo ya Amwenye ku Fort Jameson, ndilo dzina lakale la tauni ya Chipata, ataphatikiza malipiro ao ndi ndalama za nshawa. Amai anamva kwa amai ao kuti dzuwa likalowa agogo anali kuiika pa mpando pabwalo, atamanga waya wa mlongoti ku nthambi ya mango, ndipo anthu a m'mudzi anali kudza ndi mphasa zao. Nkhani zikatha, ndi nyimbo zowerengeka, iwo anali kuitseka osamvera dandaulo la munthu ali yense, cifukwa anadziwa samu ya kobiri lija.

Anthu anakonda programu ya Zimene Mwatifunsa, m'mene omvera anali kulemba makalata kupempha nyimbo ndi kupereka moni kwa abale a ku migodi ndi ku Harare. Andreya Masiye anachuka ndi programu yace ya Cinyanja yochedwa Kabvulumvulu. Anchito a nyumbayo anali kuyenda m'midzi ndi makina ojambulira mau, kotero kuti anthu anamva ng'oma ndi nyimbo za kwao zirikuturuka m'poto. Wochuka koposa anali Alick Nkhata, wobadwira ku Kasama m'caka ca 1922, amene anamenya nkhondo ku Burma, nayenda ndi Hugh Tracey kujambula nyimbo za makolo, nadzakhala muulutsi ndi woimba gitala m'Lusaka.

Komatu tisaiwale kuti mwini nyumba ya mphepo anali Boma la atsamunda. Pamene Boma linalikukonza Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, cimene anthu akuda anacikana, aulutsi anakakamizika kuwerenga nkhani zocikometsa. M'zaka za 1952 ndi 1953 kunabuka mphekesera yakuti aulutsiwo ndi banyama, anthu ogwira anzao ndi kuwacotsa mwazi, ndipo ena a iwo anakhala mwamantha m'makomboni. Peter Fraenkel, amene anagwira nchito m'nyumbayo, anafotokoza zimenezi m'buku lace lochedwa Wayaleshi, la m'caka ca 1959. Citaganya cinayamba mu 1953, ndipo mu 1958 nyumba ya m'Lusaka inalowa m'manja mwa Federal Broadcasting Corporation.

Koma short wave siidziwa malire. Kamutu komweko kamene kanali kupeza Lusaka kanali kupezanso Cairo ndi Dar es Salaam. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1960 Masiye yemwe uja analikuulutsa mau a cipani ca UNIP kucokera ku Dar es Salaam, ndipo cipangizo cimene Boma linafalitsa kuti anthu amve mau ace cinawabweretseranso mau a ofuna ufulu. Citaganya cinatha pa 31 December 1963, ndipo Zambia inalandira ufulu pa 24 October 1964. Alick Nkhata anaphedwa mu October 1978 kufupi ndi Mkushi, pamene asilikari a Rhodesia anaukira msasa wa omenyera ufulu wa Zimbabwe umene unali pafupi ndi famu yace.

Cimene cinathetsa wailesi ya m'poto ndico kacipangizo kochedwa tiranzisita, kamene kanatulukiridwa ku America mu 1947. Kameneka kagwira nchito ya valavu ndi moto wocepa zedi, kotero kuti mabatire a toci akwanira. Wailesi zatsopanozo zitacuruka m'zaka za m'ma 1960, batire lalikulu lija linasowa m'masitolo, ndipo wailesi ya agogo inakwezedwa pa cipupa.

Kufunafuna mmisiri

Nditaipukuta ndinaona kuti ziwalo zinai zacitsulo zifunika: cibvundikiro ca kumbuyo, cimene cinatayika, kacitsulo kopindika kogwiriza zam'kati ku poto, kamene dzimbiri linali litakadya, sefa ya pa sipika, ndi masikuluu. Palibe sitolo igulitsa zimenezi, popeza zinaleka kupangidwa makolo anga asanabadwe. Panatsala njira imodzi, ndiyo kuzipanga ndi manja.

Ndinayamba ndapita ku Kalingalinga, komboni yochuka ndi owocherera zitsulo, opanga mageti ndi mafelemu a zitseko ndi a mazenera. Mseu umene iwo ayalako katundu wao ndiwo Alick Nkhata Road, ndipo pa mseu womwewo pali likulu la nyumba ya mphepo ya Boma, ya ZNBC. Tsiku limenelo ndinawapeza atangokhala, pakuti cilala ca caka cimeneco cinali citacepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi anali kusowa maola ambiri. Mmodzi anatembenuza wailesiyo m'manja nati, "Aphunzitsi, ngakhale magetsi akanakhalapo, moto wathu ukanaboola poto wanuyu monga kandulo iboola pepala. Pitani kwa osula malata."

Osula malata ndiwo adzukulu a nchito yakale kwambiri m'dziko lino. Makolo athu anali kuyenga citsulo m'ng'anjo zadothi, nasula makasu, nkhwangwa ndi mikondo pa cipala, alikupemerera moto ndi mvukuto wa cikopa ca mbuzi. Antonio Gamitto, msilikari wa Cipwitikizi amene anadutsa dziko la Amaravi ndi Acewa m'caka ca 1831 pa ulendo wocokera ku Tete kunka kwa Kazembe, analemba za nchito imeneyi. Ku Ingombe Ilede, m'cigwa ca Zambezi, kunafukulidwa mu 1960 mitanda ya mkuwa ndi zipangizo zokokera waya. Makasu a m'sitolo atabwera ng'anjo zinazima, koma luso la manja silinafe. Lusaka atakhala likulu mu 1935, ndipo makamaka ufulu utabwera, anthu anadzaza Kanyama, Chawama, George ndi Chipata, ndipo nyumba iri yonse inafuna mbaula, ndowa ndi koloboi. Osula anatenga migolo yakutha, zitini ndi zidutswa za malata, nazisandutsa ziwiya.

Mmisiri amene ndinali kumfuna ndinampeza pa msika wa komboni yathu yomwe, mkulu wa imvi wopanga mbaula ndi zodyeramo nkhuku, amene ndinali kumpitirira masiku onse popita ku sukulu. Zida zace zinali nyundo yacitsulo, nyundo yamtengo, sizasi ya malata, tupa, zoboolera zingapo ndi cidutswa ca njanji cosulirapo. Palibe cimodzi cofuna magetsi. Ataona wailesiyo anaseka nati, "Mwaitenga kuti iyi, Aphunzitsi? Amalume anga anali nayo ku Matero."

Umo ziwalo zinapangidwira

Tsiku loyamba mkuluyo sanakhudze nyundo. Anayesa kukamwa kwa poto ndi cingwe ndi rula, napanikiza pepala pa mlomo wace ndi kupakapo pensulo kufikira maboo a masikuluu anaoneka pa pepalapo. Anasamutsira cithunzico pa katoni, naidula, naiyesa pa wailesi katatu. Nditaonetsa kufulumira anati, "Katoni ikalakwika tidula ina. Lata likalakwika mulipira ndinu. Kuona maso a nkhono nkudekha."

Cibvundikiro anacipanga ndi tako la poto wakale wa m'sitolo. Anakana poto woumbidwa m'mcenga, nandiuza kuti aluminiyamu wothiridwa m'cikombole athyoka pomupinda, pamene wa m'fakitale, wopsinjidwa ndi makina, amvera nyundo. Asanayambe kusula anapaka citsuloco sopo wocapira naciika pa mbaula, ndipo sopo atada bii anacicotsa msanga. Cifukwa cace nciceci: aluminiyamu akasulidwa aumirira nayamba kung'aluka, ndipo moto umfewetsanso, koma iye safiira pa moto monga citsulo, angosungunuka mwadzidzidzi akafika madigiri 660. Kuda kwa sopo ndiko kumuuza mmisiri kuti kutentha kwakwana. Citazizira anaciwongola ndi nyundo yamtengo, imene siisiya zipsera, nacidula motsata katoni, nasalaza m'mphepete ndi tupa. Pa ciboo cotulukira nthambo ya batire anabveka kamphira ka chubu ca njinga kuti citsulo cisaceke nthamboyo.

Kacitsulo kogwiriza zam'kati kanatibvuta. Mkuluyo anakadula ku lata la zinki motsata kakale, naboola maboo, napinda. Koma poyesa, maboo sanalingane. Iye sanadandaule. Anandisonyeza kuti popinda pomwepo padya utali pang'ono, molingana ndi kukhuthala kwa lata, ndipo kaciwiri anayamba wapinda, naika pa malo pace, nalemba maboo, naboola pambuyo. Polumikiza sanagwiritse nchito mtobvu, umene alumikizira ndowa, pakuti aluminiyamu ali ndi kakhungu kosaoneka kamene mpweya umbveka, ndipo mtobvu sugwirapo. M'malo mwace anakhoma maliveti, timisomali tatifupi tophwanyidwa mutu mbali zonse ziwiri, todulidwa ku waya wa aluminiyamu. Wa mkuwa anaukana, cifukwa mkuwa ukagundana ndi aluminiyamu pa cinyontho, aluminiyamu adyeka. Sefa anaidula ku waya wa pa zenera wochinga udzudzu, naipanikiza m'kati ndi kamkombero ka lata.

Masikuluu okha ndiwo sanathe kupanga. Ndinagula ena m'sitolo, koma pamene ndinafuna kukakamiza imodzi iye anandigwira dzanja. Wailesi za ku Britain za nthawi ija zinali ndi masikuluu a muyeso wochedwa BA, ndipo mazinga ace asiyana ndi a masikuluu a mamilimita amene tigula lero. Wokakamiza sikuluu yacilendo aononga mazinga a m'ciboo, ndipo ciboo cotero sicigwiranso. Ananditumiza kwa mnzace wokonza mawailesi ku Matero, amene asunga citini ca masikuluu ocotsedwa ku zipangizo zakufa, ndipo m'menemo tinasankha okwanira.

Wa ku Materoyo ndiye anakonzanso za moto. Anapeza kuti mavalavu onse anai ali moyo. Anasintha makapasita a mapepala, amene aonongeka ndi ukalamba, nandipatsa akalewo m'envulopu. Batire lakale linali kupereka mphamvu ziwiri, mavoliti 90 ndi voliti imodzi ndi theka. Cotero analumikiza mondondozana mabatire 10 a mavoliti 9, naonjezera padera batire limodzi lalikulu la toci. Anandicenjeza kuti nthambo ziwirizo zikasinthanitsidwa mavalavu apsa nthawi yomweyo. Nyumba za mphepo zambiri za m'dziko lino ziri pa FM, imene wailesi iyi siigwira. Koma usiku, titaponya waya pa denga, inayamba kusokosera monga mvula ya kutali, ndipo potembenuza kamutu pang'ono pang'ono tinamva munthu alikuwerenga nkhani m'Ciswahili. Ndinaimbira amai foni kuti amve. Iwo sananene kanthu kufikira nkhanizo zinatha.

Cigamba cisabisike

Pali cinthu cimodzi cimene ndinalakwa, ndipo ndiciulula kuti inu mungacite cimodzimodzi. Cibvundikiro citatha cinali kunyezimira, ndipo cinasiyana ndi thupi losuluka lija. Ndinapempha mkuluyo kuti acipake utoto wabuluu ndi kucikanda ndi mcenga, kuti woona ayese ncakale. Ndinati, "Atate, munthu asadziwe kuti pali cigamba."

Iye anaika nyundo pansi nati, "Aphunzitsi, inu muphunzitsa ana mbiri. Mdzukulu wanu akadzatsegula wailesi iyi adzati Azungu a ku England anali kudula lata ndi sizasi ya pa msika wa Chipata. Mudzakhala mutamnamiza, ndipo nchito yanga mudzakhala mutaipereka kwa wina." Pamenepo anatenga zodindira manambala, nakhoma 2024 m'kati mwa cibvundikiro ndi pa kacitsulo kaja. Kakale kadzimbiri anakakulunga m'pepala nandiuza kuti ndisakataye, popeza ndiko mboni ya muyeso weni weni. Thupi la wailesi analetsa kulipaka utoto watsopano.

Pambuyo pace ndinawerenga kuti osunga zakale m'nyumba za ciwonetsero atsata malamulo omwewo: ciwalo catsopano cidziwike kuti ncatsopano kwa wociyang'anitsitsa, cikhale coti nkucotsedwa popanda kuononga cakale, ndipo cocotsedwa cisungidwe. Mkuluyo sanaphunzire zimenezi m'buku. Wailesi ya agogo tsopano iri ndi mbiri ziwiri zoona, ya fakitale ya ku Britain ndi ya msika wa m'komboni, ndipo wofuna angathe kuziwerenga zonse ziwiri pa citsulo pomwepo.

Pempho kwa inu

Wailesiyi ndinapita nayo m'kalasi langa la Grade 6, ndipo inatipatsa nchito ya mlungu wathunthu. Pa masamu ana anasandutsa mainchi 9 kukhala masentimita, napeza pafupifupi 23. Anapeza kuzungulira kwa poto ndi 22/7, nayesa ndi cingwe kuona ngati samu inena zoona. Anawerenga kuti batire la maola 300 likhala masiku 100 kwa womvera maola atatu pa tsiku. Pa sayansi anaika msomali ndi kadutswa ka aluminiyamu m'madzi naona cimene cinacita dzimbiri. Pa mbiri ndinawatuma kukafunsa agogo ao za wailesi yoyamba imene anaimva, ndipo anabwera ndi nkhani zimene siziri m'buku liri lonse la sukulu.

Tsono ndikupemphani zinthu zinai. Coyamba, funsani ana anu ngati kwao kuli wailesi yobulungira yabuluu, kapena cipangizo cina cakale, galamafoni kapena makina osokera, ndipo lankhulani ndi eni ace mnyamata wa sikelo asanafike. Caciwiri, mukaipeza musaikwecese ndi mcenga, musaipake utoto, ndipo musailumikize ku magetsi a m'nyumba kapena ku batire la sola. Ipukuteni ndi nsaru youma ndi kuisunga pouma. Cacitatu, lembani m'kope dzina la mwini wace woyamba, kumene anaigula ndi zimene okalamba akumbukira, pakuti cinthu copanda mbiri yace cingokhala citsulo ca pa sikelo. Ngati banja silifuna kuisunga, dziwitsani a Lusaka National Museum kapena a Livingstone Museum. Cacinai, ngati ciwalo casowa, pitani kwa wosula ndowa wa pa msika wa kwanu, mumpatse nthawi yoyesa, mumlipire bwino, ndipo mumuuze adinde caka pa nchito yace. Muitaneninso ku sukulu tsiku lina, ana aone kuti miyeso imene tiwaphunzitsa pa bolodi idyetsa anthu.

Makatoni a cibvundikiro ndi a kacitsulo kaja ndawasunga. Mphunzitsi amene apeza wailesi yotere yosowa ziwalo zimenezi alembere kwa Mkonzi wa kalata wathu uno, ndipo ndidzamjambulira miyeso yace pa pepala ndi kumtumizira.